Mbiri Yakale m'Zithunzi: Phunziro Locokera kwa Chan Mou

M'nkhani ino tipenda The Ravages of Time, nthano ya m'zithunzi imene Chan Mou wa ku Hong Kong anayamba kufalitsa m'caka ca 2001. Nthanoyi ifotokoza ndale ndi nkhondo za ku China pakugwa kwa ufumu wa Han, umene unatha m'caka ca 220.

Mphamvu yake ili pakusintha maonekedwe a anthu odziwika. Lü Bu, amene buku lakale la Luo Guanzhong limuonetsa ngati ngwazi yopereŵera nzeru, pano ndi wocenjera pa ndale. Motero woŵerenga akakamizika kufunsa kuti mbiri analemba ndani. Komabe tiona cofooka cimodzi: ziwembu za akuluakulu ziculuka kotero kuti alimi, amene minda yao inasanduka mabwalo a nkhondo, samveka kwenikweni.

Kwa ife ophunzitsa Cinyanja ku Kabwata ndi ku Chelstone, phunziro n'loonekeratu. Nsingo, mwana wa Mpezeni, anaphedwa ndi Angerezi m'caka ca 1898, ndipo zolembedwa zoyambirira za nkhondoyo zinacokera kwa omugonjetsa. Olemba athu akadzajambula nkhani yake m'Cinyanja, atengere Chan Mou pakuipenda mwatsopano, koma apatsenso mau anthu wamba.