Tambala Amene Anabwereka Pakamwa pa Seneta

Mu Okutobala 1945, pa pulogalamu ya Fred Allen ya pa wailesi ya NBC ku America, kunatulukira wandale wongopeka dzina lake Senator Claghorn. Ankamuyankhulira anali Kenny Delmar, muulutsi wa pulogalamu yomweyo. Claghorn anali bwana wa kummwera kwa dzikolo, wodzitukumula, wonyansidwa ndi chilichonse cha kumpoto, ndipo akatsegula pakamwa mnzake sankapeza mpata ngakhale womeza malovu. Akaponya nthabwala yozizira n'kuona kuti palibe waseka, ankakalipa kuti "That's a joke, son!", ngati kunena kuti ndikuseleulatu mwanawe, bwanji uli duu?

Luso lagona pamenepo. Chosekesa si nthabwalayo ayi, koma mkulu amene akulamula anthu kuti aseke. Pa wailesi palibe nkhope, choncho munthu amadziwika ndi mayendedwe a mawu ake: kubwereza "I say" pakati pa chiganizo, kudula mnzake pakamwa, kudziyankha yekha. Mawu opangidwa motere amanyamula khalidwe lonse la mwini wake, n'chifukwa chake aliyense angawatole n'kukawagwiritsa ntchito kwina.

Anawatola bwino ndi a Warner Bros. Tambala wawo Foghorn Leghorn anaonekera koyamba mu 1946 m'katuni ya Walky Talky Hawky ya Robert McKimson, mawu akuyankhula Mel Blanc. Ambiri amati tambalayu anangokopera Claghorn, koma nkhani yake ndi yokhotakhota: wofufuza Keith Scott anaonetsa kuti liwulo linayambira kwa wapolisi wogontha amene Jack Clifford ankasewera pa wailesi zaka za m'ma 1930. Zonena za Seneta zinadzalowa pambuyo pake, Claghorn atatchuka.

Ndipo zinamukhala tambalayo kuposa mwini wake. Mu 1947 Delmar anasewera filimu ya It's a Joke, Son!, momwe Claghorn anapatsidwa nyumba, mwana ndi mkazi womulamulira. Kwa ine apa mpamene anamufooketsa. Munthu amene mphamvu yake inali kubangula mphindi zochepa n'kutseka chitseko sangasenze nkhani ya ola lathunthu. Katuni ya mphindi zisanu ndi ziwiri ndiyo inali muyeso wake. McKimson anamupatsanso tambalayo chimene wailesi sikanatha: chidali chotupa, mapiko omenya mnzake pamsana mpaka kugwa, ndi kamphamba Henery Hawk kongomuyang'ana osaseka. Chete amene omvera wailesi ankangomuganizira tsopano anali ndi nkhope.

Chinatayika panjira ndi ululu wake. Claghorn ankanyoza andale enieni a kummwera, aja olongolola m'nyumba ya malamulo ku Washington, ndipo omvera a 1945 ankadziwa amene akulasidwa. Mwana woonera tambalayu lero amangoona nkhuku yaphokoso ikuzunza galu ndi thabwa. Delmar naye anatsatira mawu ake ku makatuni: mu 1960 anayankhulira galu wofufuza milandu, The Hunter, mu King Leonardo and His Short Subjects, ndi liwu lomwe lija la Seneta.