Sukulu ya pamsewu: luso la Travelling Theatre ya ku Chirunga

Kunja kuli sitima yapamadzi yotchedwa MV World Odyssey imene imanyamula ophunzira a m'mayunivesite m'ndondomeko ya Semester at Sea. Maulendo otere adayamba mu 1963. Kwa miyezi yoposa itatu ophunzirawo amadya, kugona ndi kuphunzira m'sitimamo, n'kumatsika m'madoko a maiko osiyanasiyana. Kuno ku Zomba, nyanja imene timaiona tikaima pamwamba pa phiri ndi Chilwa, ya mabwato ndi matemba. Komabe nafenso tidakhala nayo sukulu yoyendayenda, yophunzitsana okhaokha, ndipo luso lake ndi loyenera kuliyang'anitsitsa. Ndikunena gulu la zisudzo la Chancellor College Travelling Theatre.

Gululi lidayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ndipo lidakhwima koleji itasamuka ku Chichiri kubwera ku Chirunga mu 1973. Nzeru yotengera zisudzo kwa anthu inali itayesedwa kale ku Ibadan, ku Makerere ndi ku Chikwakwa Theatre ya ku Lusaka. Aphunzitsi monga James Gibbs, Mupa Shumba, Chris Kamlongera ndi David Kerr adalitsogolera pa nthawi zosiyanasiyana. Poyamba masewero ambiri anali a m'Chingerezi, ndipo ankaonetsedwa pakoleji ndi m'sukulu za sekondale. M'nyengo imeneyi ndi mmene mudatuluka The Rainmaker, sewero la Steve Chimombo lonena za M'bona, komanso buku la Nine Malawian Plays la mu 1976.

Mayina a aphunzitsi ndiwo amalembedwa m'mabuku, koma gawo lalikulu la luso limachoka kwa wophunzira kupita kwa mnzake. Ulendo umakakamiza zimenezi. Galimoto silinyamula nsanja, magetsi kapena makatani. Limanyamula anthu, ng'oma ndi zovala zochepa. Amene asewere ngati mfumu madzulo ndi yemweyo wasenza katundu m'mawa. Wa chaka chachinayi amaima kumapeto kwa bwalo, n'kuuza wa chaka choyamba kuti alankhule. Ngati mawu sakufika, amamuonetsa kutulutsa liwu kuchokera m'mimba, osati pakhosi, kuti agogo okhala patsinde pa mtengo amve popanda zokuzira mawu. Amamuphunzitsanso kaimidwe. Pabwalo la kumudzi anthu amazungulira mbali zonse, kotero wosewera sangaime malo amodzi. Ayenera kutembenuka mochenjera, kuti mbali iliyonse ione nkhope yake pa mawu ofunika. Izi sizilembeka pa bolodi. Munthu amazidziwa mnzake atamugwira paphewa n'kumutembenuza.

Kusintha kwakukulu kudadza mu 1981, pamene gululi lidapita ku Mbalachanda m'boma la Mzimba. Kumeneko lidayamba kupanga masewero osalembedwa, m'chilankhulo chimene anthu akumva, pa nkhani za m'deralo. Kapangidwe kake nkosiririka. Masana ophunzira amamwazikana: ena pachitsime, ena kumsika, ena kwa amfumu. Ntchito yawo ndi kumvetsera, osati kulalika. Madzulo amasonkhana, aliyense n'kufotokoza zimene wamva. Pa zonsezo amasankha vuto limodzi, amagwirizana za anthu a m'seweromo ndi mmene nkhani iyendere, koma mawu enieni aliyense amawapeza yekha akalowa m'bwalo. Akamayeserera, anzake ndiwo amakonza: apa mwatalikitsa, mayi wa kumudzi sayankha apongozi ake chotero, nyimbo ilowe apa. Pamenepa ukulu wa zaka za pasukulu umatha mphamvu. Kudera la Chitumbuka kapena la Chiyao, mnyamata wa chaka choyamba amene adakulira komweko ndiye mphunzitsi wa gulu lonse, chifukwa ndi iye akudziwa malonje oyenera, nyimbo imene amayi angaivomere, ndi nthabwala imene ingakhale chipongwe.

Luso lovuta koposa lidaonekera bwino kuyambira mu 1985, gululi likugwira ntchito ndi a zaumoyo a ku Liwonde m'madera monga Mwima, pa nkhani za zitsime, zimbudzi ndi matenda otsekula m'mimba. Ndilo luso lotsegula sewero kuti oonerera alowemo. Nkhani ikafika pothina, wosewera amatembenukira kwa anthu n'kufunsa kuti achite chiyani. Kufunsa nkosavuta, chovuta ndi kudikira. Wosazolowera amaopa bata, ndiye amadziyankha yekha. Wozolowera amadziwa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Amasiya funso lilendewere mpaka wina atsokomole, wina ang'ung'udze, kenako mayi wina alankhule. Yankho likadza, ngakhale litsutsane ndi zimene gulu lidakonza, amalilandira osatuluka m'khalidwe la munthu amene akumusewerayo, n'kulilowetsa m'nkhani ngati kuti lidali momwemo. Wina akalankhula mopsa mtima, woimba ng'oma amadziwa nthawi yoyambitsa nyimbo kuti mitima itsike. Amfumu akakhudzidwa, wosewera amapeza njira yonenera choonadi osawachotsera ulemu pamaso pa anthu awo. Wophunzira watsopano amaima pambali pa katswiri, kumuona akuchita zimenezi mudzi uno ndi mudzi winawo, mpaka tsiku lina katswiriyo akhala chete dala, kumusiyira funsolo.

Tisaiwale nyengo imene zonsezi zinkachitika. Lamulo la mu 1968 lidakhazikitsa bungwe lounika mabuku ndi zisangalalo, ndipo sewero lolembedwa linkayenera kuvomerezedwa lisanaonetsedwe. Mu 1987 Jack Mapanje, mphunzitsi pakoleji yomweyi, adamangidwa n'kutsekeredwa ku Mikuyu, kufupi ndi Zomba, mpaka 1991. M'masiku otere, kuphunzitsana kunali kutetezana. Achinyamata ankaphunzira kwa anzawo kuphiphiritsa, kudutsira m'nthano ndi m'miyambi, kuti omva amve koma wofuna mlandu asowe pogwira. Mzimu womwewo unali m'gulu la alembi la Writers Group limene lidayamba mu 1970, kumene munthu ankawerenga ndakatulo yake pamaso pa anzake, iwo n'kuisenda mosanyengerera. Kudzudzulana kotere kumatheka pokhapokha pamene anthu akukhulupirirana.

Chimene ndimachilemekeza kwambiri pa gululi n'chakuti lidazindikira kufupika kwa moyo wa pasukulu. Wophunzira nthawi zambiri amakhala ku Chirunga zaka zinayi zokha. Akangofika pokhwima, ndiye kuti wayandikira kuchoka. Luso likakhala m'mutu mwa munthu mmodzi, limatuluka naye pachipata tsiku lolandira digiri. Gulu loyendayenda limapulumuka chifukwa aliyense amagwira ntchito ziwiri: kusewera, ndi kukonzekeretsa womulowa m'malo.

Lero koleji ija ndiyo University of Malawi payokha, kuyambira mu 2021, ndipo ophunzira achuluka kuposa kale. M'chigulu chotere wongofika kumene amasochera msanga. Inu a chaka chachitatu ndi chachinayi, kaya mukuchita zisudzo, malamulo kapena sayansi, musadikire ofesi kuti ikupatseni udindo. Tengani mmodzi wa atsopanowo, muyende naye ku Chinamwali, ku Songani kapena ku Domasi, aone mmene mumamvetsera anthu, ndipo ikakwana nthawi mumusiyire bwalo.