Ulemu kwa Amisiri Osankha Mlombwa

Luso la kalipentala wa ku Kafue Estates ku Zambia limaoneka asanagwire n'komwe sowo. Amayamba watembenuza thabwa la mlombwa, umene ku Zambia amati mukwa, kufufuza mfundo ndi ming'alu. Mbali yoyera yakunja amaikana poti imafumbwa msanga. Amafuna mtima wofiirira umene chiswe chimaulephera. Akatero amasanja matabwawo pamthunzi, timitengo pakati kuti mphepo idutse, n'kudikira miyezi. Osema thako la mfuti ku Ulaya amaumitsa mtengo wa walnut chomwecho kwa zaka.

Mlombwa sukhwinyata kwenikweni ukamauma, n'chifukwa chake chitseko chake sichipindika. Mu 2022 mayiko a m'pangano la CITES anauika pa mitengo yotetezedwa pa malonda akunja. Ogula inu, kuleza mtima kwa amisiriwa muzikulipira mokwanira.