Alick Nkhata si dzina la mseu cabe

Aliyense wokwera minibasi kucoka ku Mtendere kupita m'tauni amaudziwa mseu wa Alick Nkhata. Umadutsa m'mbali mwa Kalingalinga ndi pa Mass Media, pamene pali ZNBC. Koma nditafunsa ana a m'kalasi langa kuti mwini dzinali anali yani, wina anati anali nduna, wina anati anali wa mpira. Palibe amene anachula wailesi kapena gitala. Inu amene mumalota kukhala DJ, kapena kudzayambitsa cikondwerero ca nyimbo m'komboni muno, munthu uyu ndiye gogo wa nchito yanu.

A Nkhata anabadwira ku Kasama mu 1922. Anapita ku Burma pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, ndipo atabwerako anagwira nchito ndi Hugh Tracey, amene anali kuyenda m'midzi kujambula nyimbo za makolo. Kumeneko anaphunzira kuchera khutu. Kenaka analowa ku Central African Broadcasting Station mu Lusaka, pa nthawi imene kawailesi ka Saucepan Special, kamene kanabwera mu 1949, kanayamba kulowa m'nyumba za anthu wamba. Kanali kooneka ngati poto, koyendera batire, kochipa koti wa pa mgodi kapena kalaliki n'kukwanitsa.

Ukulu wa a Nkhata uli pa cimene anacita ndi mpata umenewo. Sanakhutire ndi kuika mbale za kunja n'kumachula maina a oimba. Anatenga nyimbo za kumudzi, naziveka gitala ndi mau oimba mogwirizana, nazibwezera kwa eni ake amene tsopano anali m'tauni. Nyimbo monga Shalapo, Imbote ndi Taxi Driver zinali kukamba za cikondi, mowa, ndalama ndi moyo watsopano wa m'makomboni. Gulu la Lusaka Radio Band, limene pambuyo pake linachedwa Big Gold Six, linakulira m'manja mwao. Womvera anali kudzimva yekha m'kabokosi kaja.

Koma tisawapake mafuta okhaokha. Wailesi imene anali kugwirako inali ya boma la atsamunda, ndipo inakhazikitsidwa kuti anthu akuda azimva zimene boma lifuna. Pamene citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland cinali kukakamizidwa mu 1953, anthu anataya cikhulupiriro mpaka kufalitsa mphekesera yoti oulutsa mau ndi banyama, opopa magazi a anthu. Mphekeserayo inali yabodza, koma funso lobisika m'kati mwake linali loona: kodi mau okomawa akutumikira yani? Nyimbo zina za a Nkhata zili ndi kamzimu kolangiza, ngati mphunzitsi woloza cala kwa akazi a m'tauni ndi anyamata okonda zosangalatsa. Pambuyo pake anaimbira UNIP, ndipo ufulu utabwera anafika pa utsogoleri wa wailesi ya dziko, imene inakhalanso pakamwa pa boma latsopano. Munthu wa pa maikolofoni sakhala pa ufulu wonse. Nthawi zonse pali wina amene amalipira magetsi.

Imfa yao inali yowawa. Atapuma pa nchito anakakhala pa famu ku Mkushi, ndipo mu Okutobala 1978 anaphedwa pamene asilikali a Rhodesia anaukira misasa ya omenyera ufulu wa Zimbabwe. Nyimbo zao zinasonkhanitsidwanso mu 1991 ndi kampani ya RetroAfric ya ku London. Taonani: kuti timve bwino gogo wathu, anatisungira ndi alendo.

Tsopano tiyese nchito ya lero ndi muyeso wao. Kucokera pamene Radio Phoenix inatsegulidwa mu 1996, mawailesi aculuka, ndipo foni iliyonse yasanduka situdiyo. Koma ndi ma DJ angati amene amatsika pa Mtendere Market kukamva zimene anyamata akujambula m'tuzipinda ta kuseri kwa mabala? Ambiri amadikira kuti nyimbo iyambe yaphulika pa TikTok, ndiye n'kuithamangira. Uko ndi kukolola pamene sunalime. Zikondwerero zikuluzikulu nazo zimacitikira kuseri kwa mipanda, pa mtengo umene mwana wa ku Kalikiliki sangaufike, ngakhale kuti nyimbo zimene zikuvinidwa m'katimo zinabadwira kwao.

Njira ina ilipo. Ku Malawi, Menes la Plume, wothawa nkhondo wocokera ku Congo, anayambitsa Tumaini Festival mu 2014 m'kati mwa msasa wa Dzaleka, polowa osalipira. Alendo ndiwo amapita kwa anthu, kukadya cakudya cao ndi kugona m'nyumba zao. Ngati zinatheka mu msasa, n'cifukwa ciani zingalephere pa bwalo la mpira la m'komboni?

Cimene ndikutengapo pa moyo wa a Nkhata n'cakuti DJ wabwino amayamba ndi khutu, pakamwa pamabwera pambuyo. Ndipo ayenera kudziwa amene akumulipira, kuti adziwenso pamene angakane. Mawa minibasi ikaima pa Mass Media, cotsani nyimbo imene mwaimva kale kakhumi, mufunefune Shalapo pa foni yanu, mumve nokha ngati ndanama.