Mphunzitsi woyambira kumtsinje

Mwana wa ku Mongue, m'boma la Milange ku Mozambique, akapita kukaphunzira za makina opangira magetsi, mtima wake umathamangira ku tebaini, poti ndiyo imazungulira n'kumalira. Mphunzitsi wodziwa ntchito amamubweza. Amapita naye kaye kumtsinje mu Okutobala, madzi ataphwera, n'kumupatsa tepi, wotchi ndi botolo lapulasitiki.

Wophunzirayo amaponya botolo m'madzi n'kuwerenga masekondi amene latenga kuti liyende mamita 10. Kenako amalowa mpaka m'mawondo, kuyeza kuya kwa madzi ndi ndodo kuchokera tsidya lino mpaka tsidya linalo. Akatero wadziwa kuchuluka kwa madzi. Chotsala n'kutalika kwa pamene madziwo agwere. Masamu ake ndi afupi: kiyubiki mita imodzi ya madzi pa sekondi, ikagwa mamita 10, imanyamula makilowati pafupifupi 98. Ena amathera m'paipi, ena mu tebaini, ena mu jenereta, ndipo wotsala ndi 70 asadandaule. Mtundu wa tebaini amasankha pamapeto: Pelton pamene madzi ndi ochepa koma akugwa kuchokera patali, crossflow pamene pali potsetsereka pang'ono.

Chimene chimandigometsa kwambiri chimabwera masamu atatha. Mphunzitsi amauza ophunzira kuti ayang'ane m'mwamba, m'nthambi za mitengo ya m'mbali mwa mtsinje, muja mumakodwa zinyalala madzi akasefukira. Amawatumanso kwa akuluakulu a m'mudzi kukafunsa kuti, "Agogo, chaka chija madzi anafika pati?" Pamene agogo aloza ndi ndodo, nyumba ya makina iyenera kukhala kumtunda kwake. Amalimbikiranso za dziwe lodikhitsira mchenga, lomwe ophunzira amaliona ngati dzenje wamba, pomwe mchenga ndiwo umadya tebaini.

Zitsanzo sasowa, zili m'boma lomwelo la Milange. Ku Majaua, pa mtsinje wa Ruo, bungwe la FUNAE linakonzanso siteshoni ya makilowati pafupifupi 600, ndipo madzi osefukira a mu Januwale 2015 anaiwononga. Ku Malawi nako, namondwe Ana anaimitsa siteshoni ya magetsi ya Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130.

Injiniya wodziwa mtsinje wa mu Okutobala wokha ndi wa theka. Inu ophunzitsa, apititseninso anawa kumtsinje mu Januwale.