“Borrow me your pencil”: phunziro lofala limene limaphonya vuto

Aphunzitsi anzanga, palibe mmodzi wa inu amene sanamvepo mwana akuuza mnzake kuti “Borrow me your pencil.” Mau amenewa mudzawamva pa sukulu za ku Palabana, mudzawamva pa msika wa Chongwe, ndipo mukakwera basi ya ku Lusaka mudzawamvanso kwa akuluakulu ovala tayi. Ambiri a iwo anaphunzitsidwa kusiyana kwa borrow ndi lend, ena kangapo konse. Ngati phunziro laperekedwa kwa anthu oculuka cotere koma cizolowezi cili cikhalire, ndi bwino tiliyang'anenso phunzirolo tisanayambe kudzudzula ana.

Phunziro lake mumalidziwa. Mphunzitsi alemba pa bolodi kuti borrow ndi kutenga, lend ndi kupatsa. Wina aonjezera tebulo la mizere iwiri: borrow ndi kubwereka, lend ndi kubwereketsa. Ana abwereza mokweza katatu, kenaka akopera ziganizo khumi zokhala ndi mipata, adzaza mipatayo, mphunzitsi aconga, belu lalira. Ubwino wake ulipo, ndipo sindiupeputsa. Phunziroli limatha m'nthawi yake, silifuna zipangizo, ndipo m'kalasi lodzaza limasunga bata. Koma limayankha funso limene mwana sanafunse.

Mwana wa ku Palabana amadziwa bwino lomwe amene akupatsa ndi amene akulandira. Kumeneku ndi kwa alimi a ng'ombe za mkaka, kumene kunakhazikitsidwa Palabana Dairy Training Institute, ndipo kubwerekana zinthu ndi nkhani ya tsiku ndi tsiku. Mwanayo anatumidwapo kukabwereka cigubu ca mkaka, pampu ya njinga kapena sipuleya yopopera nkhupakupa, ndipo anauzidwa tsiku lobweza. Kumuuza kuti wina amatenga, wina amapatsa, ndi kumuuza zimene anadziwa asanayambe Giredi 1. Cimene cimamukola ndi kamangidwe ka ciganizo, ndipo kuti muone zimenezi muyenera kuyamba ndi Cinyanja.

Taonani ziganizo ziwiri izi:

Ndinabwereka khasu.
Ndinamubwereka khasu.

M'ciganizo coyamba khasu si langa, ndinalitenga kwa mwini wake. M'caciwiri khasu ndi langa, ndipo lapita kwa mnzanga. Mneni ndi yemweyo. Catembenuza njira ya khasu ndi kaphatikizo kamodzi cabe, -mu-. N'cimodzimodzi ndi “Amalume andibwereka njinga” kapena “Tikubwerekani ngolo mawa.” Munthu wolandira akangolowa m'kati mwa mneni, kubwereka kwasanduka kupatsa. Cingelezi cilibe njira imeneyi. Ico cimasintha mneni yense. Tsono mwana amene m'mutu mwake muli “ndibwerekeko pensulo,” kapena “nibwelekeko” monga amalankhulira ana a ku Lusaka ndi madera ozungulira, amatenga mneni amene anauzidwa kuti ndiye kubwereka, natenga ndi- n'kumusandutsa me. Zotsatira zake ndi “borrow me.” Mwanayu sanacite ulesi. Watsatira lamulo la cinenero cake mosaphonya.

Apa ndi pamene tebulo la mizere iwiri lija limaononga zinthu. Kunena kuti lend ndi kubwereketsa si bodza, koma ndi theka la coonadi. Timati “Sindibwereketsa njinga yanga” kapena “Amai aja amabwereketsa mtondo wao,” makamaka pamene wolandirayo sitinamuchule. Koma popempha, si kawirikawiri kumva munthu akuti “ndibwereketseni.” Amati “ndibwerekeni.” Ndipo kupempha ndi kumene mwana amacita kwambiri m'kalasi. Akayang'ana tebulo la pa bolodi, aona kuti kubwereka ndi borrow, basi. Ndiye kuti tebulolo likumuphunzitsa colakwa comweco cimene cidzalembedwa mzere wofiira m'buku lake mawa.

Palinso kaliu kena kamene phunziroli silikakhudza konse: kwa. Timati “Ndabwereka buku kwa aphunzitsi,” timatinso “Ndabweza buku kwa aphunzitsi.” M'ciganizo cimodzi buku likucokera kwa iwo, m'cina likupita kwa iwo, koma kwa sanasinthe, cifukwa mneni ndiye akusonyeza njira. Cingelezi cimafuna from ndi to, ndipo borrow amayenda ndi from pamene lend amayenda ndi to. N'cifukwa cake mumapeza “I borrowed a book to the teacher” m'mabuku a ana a Giredi 5.

Nanga ziganizo za mipata zija? Onani zimene zimacita. Ciganizo conga “Please ___ me your ruler” capereka kale me. Ciganizo conga “I want to ___ a hoe from my uncle” capereka kale from. Mbali zimene mwana amalephera kumanga yekha ndi zomwezo zimene tamulembera. Iye watsala ndi kusankha pakati pa mau awiri, ndipo ngakhale wongolota akhoza kukhoza pafupifupi zisanu mwa khumi. Wocenjera amazindikira msanga kuti pomwe pali from pamalowa borrow, nakhoza zonse khumi, kenaka pa nthawi yopuma n'kuuza mnzake kuti “borrow me.” Ena adzati mayeso a Giredi 7 a Examinations Council of Zambia ndi osankha yankho, conco kuzolowera kusankha n'kothandiza. Zoona, koma mwanayo akapita ku sekondale adzafunika kulemba nkhani ndi makalata, ndipo kumeneko kulibe womulembera me ndi from.

Phunziro lotere lili ndi mbiri yake. Kuyambira ca m'ma 1966, ana a m'Zambia ankaphunzira m'Cingelezi kucokera m'Giredi 1, ndipo cinenero ca kunyumba cinkaoneka ngati cosokoneza. Ambiri a ife tinakulira m'makalasi otere. Ndondomeko ya Educating Our Future ya 1996 inatsegula njira yoti ana ayambe kuwerenga m'cinenero codziwika, ndipo panabwera New Breakthrough to Literacy ndi Step Into English. Dongosolo la maphunziro la 2013 linapita patsogolo, loti Giredi 1 mpaka 4 aziphunzira m'zinenero za m'Zambia, Cinyanja cikhale ca zigawo za Lusaka ndi Kum'mawa. Komabe cizolowezi cakale cinatsala: Cinyanja timacigwiritsa nchito pomasulira liu limodzi ndi liu limodzi, osati poonetsa mwana mmene zinenero ziwirizi zimamangira ziganizo mosiyana.

Musaganizenso kuti vutoli ndi la ana athu okha. M'Cijeremani mneni leihen amagwira mbali zonse ziwiri, cimodzimodzi kuazima m'Ciswahili. Ku Britain kuli ana amene amati “Can I lend your pen?” pofuna kubwereka, ndipo ku Minnesota ndi Wisconsin ku America “borrow me” amamveka kwa eni ake a Cingelezi. Komanso Cinyanja cili ndi malire ake amene Cingelezi cilibe. Ndalama timakongola, ndipo mwini wake amatikongoza, koma njinga ya mnansi sitikongola, timabwereka, cifukwa tidzabweza njinga yomweyo. Mngelezi wophunzira Cinyanja akhoza kupunthwa pamenepa. Ana amasangalala mukawauza zimenezi, ndipo palibe cifukwa cowabisira.

Tsono mungacite ciani m'malo mwake? Yambani m'phunziro la Cinyanja, musanachule liu la Cingelezi ngakhale limodzi. Makadi a maphatikizo muli nao kale. Yalani NDI, NA, BWE, RE, KA, ana awerenge, ndipo mwana mmodzi acite zimene awerengazo ndi khasu la m'munda wa sukulu kapena tsache. Kenaka lowetsani kadi ya MU pakati pa NA ndi BWE, awerengenso. Funsani kuti: khasu ndi la yani tsopano? Lili m'manja mwa yani? Lidzabwerera kwa yani? Cotsani MU, ikaninso, mpaka ana aone okha kuti kakadi kamodzi kakutembenuza nkhani yonse. Imeneyi ndi nchito yowerenga yeniyeni, yofuna kuti mwana asadumphe phatikizo, conco simunabe nthawi ya Cinyanja. Pokumbukira kuti Chongwe ndi dziko la Asoli, ndiponso kuti m'makalasi a ku Palabana muli ana olankhula Cisoli, Citonga kapena Cibemba kunyumba, afunseni mmene amapemphera cinthu kwao. Mwana amene Cinyanja ca m'buku cikali cacilendo kwa iye amafunika sitepe imeneyi kuposa anzake.

M'Cingelezi, musabweretse mau awiriwa tsiku limodzi. Kuwaika pamodzi pa bolodi pa tsiku loyamba ndiko kumawamangirira pamodzi m'mutu mwa mwana. Yambani ndi lend, cifukwa ndiye amene akusowa: “Please lend me your pencil,” cathunthu, pakamwa, ndipo cikhale lamulo la kalasi kwa milungu ingapo kuti wofuna lula kapena cofufutira apemphe motero. Cikakhazikika, bweretsani “May I borrow your pencil?” cathunthunso. Kusiyanitsa kubwere pambuyo, m'Giredi 3 kapena 4, pamene ana awiri afotokoza cocitika cimodzi. Mavuto ati “I borrowed a pencil from Tisa,” ndipo Tisa ati “I lent Mavuto a pencil.” Apa mungawapatse lamulo limene angathe kuliyesa okha: nenani ciganizoco m'Cinyanja, ndipo ngati munthu wolandira ali m'kati mwa mneni, monga -ndi-, -ku-, -mu-, -ti- kapena -wa-, Cingelezi cikufuna lend. Cenjerani cabe kuti kaphatikizo ka cinthu sikawerengedwa. “Njinga ndinaibwereka kwa amalume” akadali borrow.

Mukafika pa nthawi yakale, konzekerani cina. Borrowed savuta, koma lend sakhala “lended,” amakhala lent. Ndipo popeza m'Cinyanja l ndi r sasiyanitsa tanthauzo la mau, mwana akamva lent amamva renti, ndalama ya nyumba imene makolo amadandaula nayo kumapeto kwa mwezi. Matanthauzo ake ndi oyandikana moti mwana akhoza kukhala ndi cisokonezoci mpaka kalekale osaonekera. Lembani mau awiriwa, achuleni pang'onopang'ono ana akuyang'ana pakamwa panu, ndipo funsani kuti ndi pati pamene munthu amalipira.

Pa msonkhano wanu wotsatira wa aphunzitsi pa sukulu, yesani izi. Tengani ana khumi amene anakhoza bwino ziganizo za mipata. Aliyense mupatseni pepala lopanda pensulo, mnzake akhale nayo pafupi, ndipo muuzeni kuti apemphe m'Cingelezi. Lembani mau enieni amene aliyense wanena, muwayerekeze ndi mamakisi a m'buku lake, ndipo mapepala onse awiri mupite nao kwa anzanu musanakonze phunziro la temu yamawa.