Milu ya Miyala ya ku Balmoral

M'mapiri a ku Balmoral, ku Scotland, komwe banja lachifumu la ku Britain limakapumirako, muli milu ya miyala yosanjidwa mwaluso, ndipo uliwonse uli ndi nkhani yake. Mu 1852, malowa atagulidwa, Mfumukazi Victoria anaika mwala woyamba paphiri la Craig Gowan. Mwamuna wake Albert anatsatira, kenako ana, antchito ndi anthu a m'deralo, aliyense ndi mwala wake. Muluwo utatalika, Albert anakwera pamwamba n'kuika womaliza.

Milu ina inamangidwa pokumbukira maukwati a ana awo, monga wa Louise mu 1871 ndi wa Beatrice mu 1885. Waukulu koposa ndi wa maliro: piramidi ya Albert, yomangidwa mu 1862, iye atamwalira mu 1861.

Mayina olembedwa pamenepo ndi a mafumu, koma ine amene ndimawavulira chipewa ndi amisiri. Piramidiyo anaimanga popanda matope kapena simenti. Chogwirizitsa miyala ndi kulemera kwake komanso diso la womanga. Mwala umodzi ukhale pa iwiri kuti mipata isayang'anizane. Nkhope iliyonse ipendekere m'kati mofanana, apo ayi nsonga siikumana. Madzi a mvula amangodutsa m'mipata osapeza pokhala, motero chisanu cha ku Scotland, chomwe chimang'amba makoma omata, chimasowa pogwira. Papita zaka zoposa 160, ngodya zake zikadali zowongoka.